Mtchona Wobwera Chimanjamanja

Mwa anthu amene ndawaona akuvutika ndi zakale, ambiri ndi oti nkhani ya chikhululukiro amaidziwa bwino. Kutchalitchi sajomba, nyimbo amaimba, ena ndi akulu a mpingo. Mukawafunsa ngati Mulungu amakhululuka, amayankha msanga kuti inde, vesi lomwe n'kukutchulirani. Koma pakati pa usiku, anthu onse atagona, mlandu uja umazengedwanso. Wodandaula, mboni ndi woweruza amakhala munthu mmodzi yemweyo, ndipo chigamulo chake sichisintha. Ndikanadziwa. Ndikanapanda kupita. Ndikanamvera mayi.

Ine ndinaona mawu amenewa akudya munthu amene ndinkamukonda mpaka kutsala mafupa okhaokha, ndipo ndinaonanso mmene anapumira. Munthuyo anali atsibweni anga, mlongo wawo wa mayi anga.

Atsibweni anachoka kwathu ku Dedza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, atalembedwa ndi bungwe la Wenela kuti akagwire ntchito kumigodi ya ku South Africa. Achinyamata a lero akamva za ku Joni amaganiza za basi yodutsa pa Mwanza kapena pa Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Masiku amenewo anyamata ankakwera ndege kukatera ku Francistown m'dziko la Botswana, kenako sitima yapamtunda. Amalawi oposa 100,000 anali kumigodi nthawi imeneyo. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka pa Francistown, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Amuna ambirimbiri anabwerera m'midzi ndi njinga, mawailesi, mabulangete ndi masutikesi. Anzawo a atsibweni anafika mmodzimmodzi. Iwo sanaoneke.

Kumudzi anasiya mkazi ndi ana awiri, wamkazi akuyenda dededede, wamwamuna ali kumsana. Zaka zoyamba makalata ankabwera, nthawi zina ndi kandalama. Kenako zii. Tinangomva mphekesera kuti anasiya mgodi, anakwatira komweko, akugwira pafamu ya mzungu. Pambuyo pake ngakhale mphekeserazo zinauma.

Amene sanakulire kwa Achewa mwina sangamvetse kukula kwa dzenje limene mtchona wotere amasiya. Kwathu atsibweni ndiye mwinimbumba. Mlongo wake akamenyedwa kubanja, amakayankhula ndi iye. Mwana wa mlongo wake akamakwatiwa, amapeza ankhoswe ndi iye. Mkangano wa malire a munda ukabuka, kubwalo kwa amfumu amaima ndi iye. Mayi anga anakula ndi kukalamba opanda wowaimirira. Chigawo china cha dimba la agogo chinapita anthu akuona, poti panalibe mwamuna wa pamtundu woti atsegule pakamwa. Agogo aakazi anamwalira akufunsabe ngati kwabwera kalata.

Anatulukira patapita zaka zoposa 30. Anatsika minibasi pamsewu ndi chikwama chimodzi cha mizeremizere, jekete lalikulu kuwaposa, ndi chifuwa chosatha chija amabwera nacho anthu a kumigodi. Chichewa chawo chinali chitasakanikirana ndi zilankhulo za kumeneko. Ana a m'mudzi anawalondolera kunyumba kwa mayi ngati mlendo. Atakhala pamphasa, madzi atamwa, funso lawo loyamba linali lakuti, "Nanga mayi ali kuti?" Mayi anga anangoti, "Achimwene, mayi anagona kalekale." Mkazi wawo uja nayenso anali atakwatiwa kwina n'kumwalira.

Patapita masiku, atapempha kwa amfumu poti kumanda salowako chisawawa, anaperekezedwa kukaona pamene anagona agogo. Panalibe chiliza, panalibe mtanda. Mtumbira unali utaphwa, ndipo akuluakulu anachita kutsutsana kuti ndi apa kapena apo, mpaka wina anati ndi pakati pa mitengo iwiri iyo. Atsibweni anaima pamenepo chipewa chili m'manja. Sanalire. Pobwerera sanayankhule ndi munthu.

Kuyambira tsiku limenelo anakhala ngati munthu wodzitsekera m'ndende yekha. Mayi akawapatsa nsima, ankangotema mbamu ziwiri n'kukankha mbale, amvekere, "Ndingadye bwanji za m'munda umene sindinalime?" Lamlungu ankavala jekete lija n'kupita kutchalitchi chathu cha CCAP, koma osalowa. Ankakhala panja, pansi pa zenera, n'kuchoka nyimbo yomaliza isanathe. Usiku tinkawamva akutsokomola ndi kudziyankhulira.

Anthu abwino anayesa kuwathandiza, ndipo thandizo lawo linali la mitundu iwiri imene ndimaimvabe mpaka lero. Ena ankati, "Iwalani, zinapita zimenezo, madzi akatayika saoleka." Ankanena mwachikondi, koma munthu amene anasiya ana ake akamva mawu otere amadziwa kuti mukungofuna kuti nkhani ithe. Iye akudziwa kuti analakwa. Mukamuuza kuti palibe kanthu, amaona kuti simukumumvetsa, ndiye amangotseka pakamwa n'kupitiriza kudzizenga yekha. Ena anawatengera kwa mneneri wina m'tauni, amene anati zaka zonsezo anamangidwa ndi mzimu wa kutchona wochokera kwa makolo, ndipo akapereka kangachepe adzamasulidwa, Mulungu n'kuwabwezera zonse monga mwa Yoweli 2:25. Anabwerako ndi kabotolo ka mafuta. Chimene chimandipweteka ndi uthenga umenewu n'chakuti umamulanda munthu mlandu wake n'kuupereka kwa mizimu. Ukamva koyamba umatsekemera, koma munthu amene sanalakwe alibenso choti akhululukidwe, alibe woti akamupepese, alibe choti akonze. Amangotsala ndi kudikira kuti zaka zibwerere, ndipo zaka sizibwerera. Lonjezo la mwa Yoweli linapita kwa mtundu umene minda yake inadyedwa ndi dzombe, ndipo linabwera pambuyo pa mawu akuti ng'ambani mitima yanu, osati zovala zanu. Mulungu analonjeza zokolola zatsopano. Sananene kuti chaka cha dzombe chidzakhala ngati sichinachitike.

M'Baibulo muli amuna awiri, Petro ndi Yudasi, amene anamva chisoni pa nthawi imodzi chifukwa cha munthu mmodzi, Yesu. Timakonda kunena kuti Petro analapa pomwe Yudasi anaumitsa mtima, koma tikawerenga Mateyu 27 bwinobwino tipeza kuti Yudasi anachita zambiri zimene ife timayembekeza kwa munthu wolapa. Anamva chisoni. Anavomera ndi pakamwa pake kuti wachimwa popereka mwazi wosalakwa. Anabweza ndalama zonse 30 zasiliva. Petro sanavomere kanthu kapena kubweza kanthu usiku umene anakana Yesu. Anangotuluka panja n'kulira ndi kuwawa mtima. Kusiyana kwawo ndi kumene aliyense anapita nacho chisoni chake. Yudasi anapita nacho kwa ansembe aakulu, ndipo iwo anamuyankha kuti ife zikutikhudza chiyani, udzionere wekha. Anadzioneradi yekha, n'kukadzimangirira. Petro, ndi manyazi ake onse, anakhalabe pakati pa anzake, ndipo pa tsiku lachitatu uthenga wa kumanda unamupeza ali pomwepo. Mwa Marko 16:7 mngelo akuti kauzeni ophunzira ake, ndi Petro. Anamutchula dzina munthu amene anali ndi chifukwa chokwanira choganizira kuti uthengawo sukumukhudza.

Yankho lija la ansembe limandiopsa, chifukwa ndi limene amuna ambiri kwathu kuno amalandira. Chaka ndi chaka apolisi amalengeza chiwerengero cha anthu odzipha, ndipo ochuluka amakhala amuna. Kumbuyo kwake kumamveka ngongole za katapila, banja losokonekera, katundu wogulitsidwa mopupuluma. Mwamuna akayesa kutsegula pakamwa timamuuza kuti limba mtima, unazifuna wekha. Paulo pa 2 Akorinto 7:10 akuti chilipo chisoni cha kwa Mulungu chimene chimatembenuzira munthu ku chipulumutso, chiliponso chisoni cha dziko lapansi chimene chimabala imfa. Misozi yake ndi yofanana. Ife a mumpingo nthawi zambiri ndife amene timakhala pamphambano pamene munthu amasankha kopita nayo.

Amene anawafika pamtima atsibweni anali mkulu wa mpingo wina wokalamba, mphunzitsi wopuma pantchito, amene anakulira nawo limodzi kubusa. Ankabwera madzulo ndi Buku Lopatulika lakale lopanda chikuto, n'kukhala nawo pakhonde. Masabata oyamba sanatsegule n'komwe bukulo. Ankakamba za ng'ombe za kale ndi za anzawo amene anatsogola. Tsiku lina, ine ndikusenda nzimbe chapafupi, ndinamva akufunsa kuti, "Achimwene, mumati munalakwa. Munalakwira ndani? Tatchulani mayina." Atsibweni anati aliyense. Mkulu uja anati, "Aliyense kulibe. Tchulani." Anayamba kutchula, mawu akunjenjemera: mayi awo, mkazi wawo, mwana wamkazi, mwana wamwamuna, mlongo wawo. Anatchulanso mkazi wa ku Joni ndi mwana wina amene ife sitinkamudziwa. Atatha, mkulu uja anafunsa, "Mwa amenewa, ali moyo ndi angati?"

Ndaganizira kwambiri za funso limenelo. Munthu wodziimba mlandu amaona ngati walakwira dziko lonse ndipo zonse zinatha. Akayamba kutchula, amapeza kuti mlandu wake uli ndi malire. Ndi waukulu, inde, koma uli ndi mayina, ndipo ena mwa eni mayinawo akupumabe, akukhala mtunda woyenda ndi njinga. Davide mu Salimo 32 akuti pamene anakhala chete mafupa ake anakalamba, ndipo mpumulo unabwera ataulula. Kuulula kumeneku n'kosiyana ndi kubuula kwa usiku kuja. Wobuula amadziuza yekha nkhani imodzimodzi kosalekeza. Woulula amauza Mulungu, nthawi zambiri pamaso pa munthu mnzake, ndipo akatha amakhala chete kuti amve yankho.

Tsiku limenelo ndi pamene mkulu uja anatsegula buku. Anawerenga mawu a mayi wa ku Tekowa kwa mfumu Davide pa 2 Samueli 14:14, pamene akunena kuti tonse tidzafa, tili ngati madzi otayika pansi amene sangaoledwenso, koma Mulungu amakonza njira kuti wopirikitsidwa asakhale wotayika kwa Iye. Anati, "Mwamva? Mwambi wathu uja ulimo. Koma ife timaimira pakati, vesi lisanathe."

Masabata otsatira anawerenga nkhani ya Yakobo, ndipo ine amene ndinaimva kuyambira ku Sande sukulu ndinazindikira koyamba kuti Yakobo anali mtchona. Anachoka kwawo atanamiza bambo ake ndi kulanda dalitso la mkulu wake. Mayi ake Rebeka anamuuza kuti akakhale kwa atsibweni ake a Labani masiku owerengeka, mpaka mkwiyo wa Esau utaphwa. Masiku owerengekawo anasanduka zaka 20, ndipo Baibulo silinena paliponse kuti Yakobo anaonananso ndi mayi ake. Pobwerera anali ndi mantha aakulu, anatsogoza mphatso, anagawa anthu ake magulu awiri kuti gulu lina likaphedwa lina lipulumuke. Usiku pa Yaboki analimbana ndi Mulungu mpaka mbandakucha, n'kuchokapo ndi dzina latsopano ndiponso akutsimphina. Mulungu anamudalitsa, koma sanamuchotsere ulendo wokakumana ndi Esau. Kutacha anayenerabe kuyenda, motsimphina momwemo, kukagwada pamaso pa munthu amene anamulakwira.

Esau naye timamuchitira zosalungama. Timangomukumbukira ndi mphodza ndi misozi ya pa Ahebri 12:17, pamene analira koma zinthu sizinasinthe. Ukulu wake sunabwerere. Koma pa Genesis 33 ndi iye amene akuthamanga kukakumbatira mphwake, ndipo poona mphatso akuti ndili nazo zambiri, mphwanga, zako zikhale zako. Munthu amene anataya chinthu chosabwezeka chifukwa cha njala ya tsiku limodzi anapezabe moyo woti n'kukhala, wopanda kuwawa mtima.

Atsibweni anayambira pafupi. M'mawa wina anapita kuseri kwa nyumba kumene mayi ankapeta chimanga, anagwada pafumbi, mwamuna wa imvi, n'kunena kuti, "Mlongo wanga, ndinakutaya. Dimba linapita chifukwa cha ine. Mayi unawaika wekha. Ndikhululukire." Mayi anaika lichero pansi. Zimene anayankha sindinaziyembekeze, ndipo ndizo zinandiphunzitsa kuti chisoni cha zakale chili ndi mtundu wina umene sitiukamba mumpingo. Anati, "Achimwene, amene ndinakulimbikitsani kupita ndine. Mbuzi ija munagulira nsapato za paulendo inali yanga. Zaka zonsezi ndakhala ndikuti mayi anafa ndi chisoni chifukwa cha ine."

Mayi anga sanachimwe. Mtsikana wa m'mudzi wosauka anaona anyamata akubwera ku Joni ndi malata ndi njinga, n'kufunira mlongo wake zabwino. Sakanadziwa. Komabe anasenza mlanduwo zaka zoposa 30, akuvala yunifolomu ya Chigwirizano, akuyendera odwala, osauza munthu. Anthu otere ndi ambiri kuposa mmene timaganizira. Mayi amene anadikira kuti kuche asanatengere mwana wotentha thupi kuchipatala, poti usiku kunalibe njinga, mwanayo n'kutsirizika panjira. Bambo amene anapeza nyumba ya lendi yotsika mtengo ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, ndiye mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy n'kugumula phiri usiku. Mtsikana amene anasiya sukulu kuti alere azing'ono ake makolo atamwalira. Tikawauza anthu amenewa kuti lapani, timawasenzetsa mlandu umene alibe. Iwo akudziweruza ndi nzeru za lero pa zimene anasankha ndi nzeru za dzulo, ngati kuti anayenera kudziwa mawa monga adziwira Mulungu. Mlaliki 11:6 akuti fesa m'mawa, fesanso madzulo, pakuti sudziwa zimene zidzalola. Kusadziwa kumeneko ndi gawo la kukhala munthu.

Baibulo limawapatsa malo olirira anthu otere. Naomi anachoka ku Betelehemu ndi mwamuna wake pothawa njala, chinthu chimene makolo athu ambiri anachitapo. Patapita zaka ngati 10 ku Mowabu anabwerera ataika m'manda mwamuna ndi ana ake onse awiri. Anauza amayi a m'mudzi kuti asamutchulenso Naomi koma Mara, pakuti anachoka wodzala ndipo Yehova wamubweza wopanda kanthu. M'buku lonse la Rute palibe amene akumudzudzula chifukwa cha mawu amenewa, ndipo palibe pamene akuuzidwa kuti ulendo wa ku Mowabu unali tchimo loti alape. Marita ndi Mariya, aliyense payekha, anauza Yesu kuti Ambuye, mukanakhala kuno mlongo wanga sakanafa. Kwa Marita, Yesu anakamba za kuuka. Ataona Mariya akulira, nayenso analira. Zimene ndimaphunzira pamenepa n'zakuti "ndikanadziwa" wopanda tchimo ndi maliro, ndipo maliro amafuna olira nawo.

Kuseri kwa nyumba kuja, m'mawa umenewo, mlongo ndi mlongo wake analira limodzi maliro a mayi awo, mochedwa ndi zaka zambiri. Madzulo ake atsibweni anamaliza nsima yonse.

Masiku ano kuli mawu otchuka akuti munthu adzikhululukire yekha. Ndikumvetsa chimene anthu amatanthauza, koma ndaona kuti kwa munthu woona mtima n'zosatheka. Wangongole sangadzifafanizire yekha ngongole m'buku la mwini golosale. Paulo akunena zina pa 1 Akorinto 4:3-4: akuti sadziweruza ngakhale yekha, wondiweruza ine ndi Ambuye. Yohane akuwonjeza pa 1 Yohane 3:20 kuti mtima wathu ukatitsutsa, Mulungu ndi wamkulu woposa mtima wathu, ndipo adziwa zonse. Adziwa zonse, kutanthauza kuti adziwa ndi zoipa zimene ife tinaiwala, ndipo akudziwa chonchobe akunena pa Aroma 8:1 kuti amene ali mwa Khristu Yesu alibe kutsutsidwa. Munthu amene akupitiriza kudzilanga Mulungu atamumasula amaoneka wodzichepetsa, koma kwenikweni akuti chigamulo chake n'choposa cha Mulungu, ndiponso kuti mtanda sunakwanire, pakufunika awonjezerepo njala yake ndi kusowa tulo kwake. Atsibweni pokana nsima ankayesa kulipira. Koma njala yawo sinkadyetsa mwana aliyense amene anamusiya. Inkangowawitsa mtima mlongo wawo amene waphika.

Nanga mawu aja a pa Afilipi 3:13, oiwala za m'mbuyo ndi kutambalitsira za m'tsogolo? Paulo amene anawalemba sanaiwale kanthu. Pa Machitidwe 22 ndi 26 akufotokoza yekha mmene ankamangira okhulupirira, ndi kuti Stefano akuphedwa iye anali pomwepo akusunga zovala za omuponya miyala. Pa 1 Akorinto 15:9 akuti sayenera kutchedwa mtumwi popeza anazunza mpingo wa Mulungu, ndipo vesi lotsatira akuti koma ndi chisomo cha Mulungu ndili amene ndili. Paulo ankakumbukira zonse, tsatanetsatane. Chimene chinasintha n'chakuti zakalezo zinaleka kumuuza kumene ayenera kukhala. Petro nayenso Yesu sanamuthandize kuiwala. Anakana Ambuye akuotha moto wa makala m'bwalo la mkulu wa ansembe, ndipo pa Yohane 21, m'mbali mwa nyanja, anapezanso moto wa makala, pali nsomba ndi mkate. Anafunsidwa katatu, monga anakanira katatu, mpaka zinamuwawa. Yankho lililonse linatsatidwa ndi ntchito: dyetsa nkhosa zanga.

Atsibweni anapita kubwalo la mpingo, anafotokoza zonse, analowa kalasi pamodzi ndi anyamata a msinkhu wa zidzukulu zawo, mpaka anabwerera pa Mgonero. Anabwereka njinga kupita kwa mwana wawo wamkazi. Ulendo woyamba anawalandirira panja, osawapatsa ndi madzi omwe. Iwo sanadzikanire, sanatchule za mavuto a ku Joni. Nyengo yolima itafika anangotulukira kumunda kwa mwanayo ndi khasu, n'kuyamba kuunga mizere, akupumira pa mzere uliwonse chifukwa cha chifuwa. Zinatenga nthawi yaitali kuti mawu akuti "Bambo" atuluke pakamwa pa mayi ameneyo, koma anatuluka, ndipo ndi iye amene anadzawasamala pa matenda awo omaliza. Analembetsanso kalata yopita ku Joni kwa mwana uja sitinkamudziwa. Yankho silinabwere. Kwa ife ana a mlongo wawo anayamba kugwira ntchito ya umwinimbumba imene inawadikira zaka zonse zija. Pa chinkhoswe cha mng'ono wanga wamkazi anakhala kutsogolo, jekete lija litachapidwa.

Mwana wawo wamwamuna, amene amakhala ku Lilongwe, anakana. Atsibweni anapitako, iye anawauza pageti kuti bambo ake anamwalira ali khanda. Anatumako ankhoswe, anatumako abusa, osatheka. Ine sindimuweruza msuweni wangayo. Anakula akunyozedwa kuti mwana wa mtchona, anasiya sukulu kangapo chifukwa cha fizi, ndipo palibe amene ali ndi ufulu womuikira tsiku loti akhululuke. Ndikunena izi chifukwa maumboni ambiri a m'tchalitchi amathera pokoma pokhapokha, ndipo munthu amene wayesa kukonza zinthu n'kukanidwa amayamba kukayika ngati Mulungu anamulandiradi. Davide anakhululukidwa koma mwana amene anabereka pa tchimo lake ndi Batiseba anamwalira, ndipo lupanga silinachoke m'nyumba mwake. Mose anaona Kanani ali paphiri la Nebo, osalowamo. Atsibweni ankamupempherera mwana wawoyo ndi dzina usiku uliwonse, ndipo chisoni chake sichinawachoke mpaka imfa. Koma chinali chisoni cha munthu amene akudya, akugona, akuseka ndi zidzukulu, akulowa m'tchalitchi n'kukhala pabenchi. Pamaliro awo msuweni wanga anabwera, anagula bokosi, anaima chapatali. Nkhope sanaone.

Wenela inatha kalekale, koma kutchona sikunathe. Ndili ndi mphwanga, mwana wa mchemwali wanga, amene anapita ku Johannesburg ndi malonjezo ambirimbiri a nyumba ya malata ndi fizi ya azing'ono ake. Zinthu sizinamuyendere. Mapepala alibe, ganyu ndi wa apa ndi apo, ndipo anayamba kusayankha mafoni a mayi ake. Pa Facebook amaikabe zithunzi ataima pafupi ndi galimoto za eni ake. Ndikudziwa chimene chikumusunga kumeneko, chifukwa atsibweni anandiuza okha kuti chaka chachitatu ankafuna kubwera, koma anachita manyazi kufika opanda kanthu, ndiye anati adikire chaka chimodzi apeze kaye kangachepe. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsopano mwinimbumba ndine. Ndinafufuza nambala yake kudzera kwa anzake mpaka ndinamupeza. Atamva mawu anga anayamba kufotokoza za mabizinesi amene ali pafupi kutheka. Ndinamudula. Ndinati, "Mphwanga, za ndalama sindikufunsa. Mayi ako ali moyo, ndipo amafunsa za iwe tsiku lililonse. Mabasi obwera kuno amanyamuka pa Park Station. Ukafuna ya tikiti ndikutumizira, ndipo ukabwera ndi chikwama chokha, wokuchingamira padepoti ndine, palibe amene akufunse kanthu." Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Malume, ndamva." Za kubwera sananene. Nambala sanasinthe, ndipo Lamlungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi ndimuimbiranso, mayi ake ali pambali panga.